Foni ndi kompyuta pa chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika ku Mulanje

Chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika ndi thandizo lomwe limaperekedwa kwa munthu amene matenda ake sangachire, monga khansa yomwe yafalikira, pofuna kuchepetsa ululu ndi kulimbikitsa banja lake. Ku Mulanje, boma la m'chigawo cha kummwera lomwe lachita malire ndi Mozambique, thandizoli limapezeka pa chipatala chachikulu cha boma ndi pa Mulanje Mission Hospital ya CCAP Blantyre Synod. Odwala ambiri otere amagona kunyumba, osati mu wodi. N'chifukwa chake foni ndi yofunika pa ntchitoyi.

Mbiri

Bungwe la Palliative Care Association of Malawi linakhazikitsidwa mu 2005, ndipo mu 2014 boma linatulutsa ndondomeko ya dziko lonse ya chisamalirochi.

Kugwiritsa ntchito foni kunatchuka koyamba pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete. Mu 2008, wophunzira wa ku America, Josh Nesbit, anaika pulogalamu ya FrontlineSMS pa kompyuta imodzi ya pachipatalapo, ndipo anthu ongodzipereka a m'midzi anapatsidwa mafoni. Wodwala akamva ululu kwambiri kapena mankhwala akatha, iwo ankatumiza uthenga m'malo mopalasa njinga ulendo wautali, namwino n'kudziwa khomo loyamba kufikapo. Panalibe intaneti; unali uthenga wa SMS chabe.

Zomwe zilipo lero

Chipatala Cha Pa Foni chinayambitsidwa ndi VillageReach ku Balaka mu 2011 kuti chithandize amayi oyembekezera ndi ana. Pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo ndipo chimayankha mafunso a matenda osiyanasiyana m'dziko lonse, kuphatikizapo Mulanje. Munthu amaimba mwaulere. Malipoti a mwezi ndi mwezi a zipatala amalowetsedwa mu DHIS2, yomwe imathandiza akuluakulu kuona chiwerengero cha odwala omwe athandizidwa.

Komabe ntchito yaikulu imachitika pa foni wamba. Wosamalira wodwala amaimbira namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti wodwala akusanza, wasiya kudya kapena chilonda chayamba kununkha. Namwino amalangiza zoyenera kuchita, n'kuona ngati kuli kofunika kumunyamula. Kwa mayi amene khansa ya khomo la chiberekero yamufoola, kupewa ulendo umodzi wa pa kabaza si nkhani yaing'ono. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri pa dziko lapansi.

Zovuta

Foni sinyamula mankhwala. Morphine wamadzi, yemwe amaletsa ululu waukulu, ali ndi malamulo okhwima: amalembedwa ndi wachipatala wovomerezeka ndipo wina ayenera kupita kukamutenga. M'midzi ina ya m'mbali mwa phiri netiweki imavuta, ndipo kutchaja foni ndi kugula mayunitsi kumafuna ndalama pa banja lomwe matenda alisaukitsa kale. Chinsinsi nachonso chimavuta, chifukwa foni imakhala ya mwamuna kapena ya mnansi, ndipo uthenga wonena za matenda ungawerengedwe ndi wina.

Namondwe wa Freddy, mu Marichi 2023, anagumula misewu ndi milatho ku Mulanje, makamaka kudera la Muloza, ndipo magetsi anathima. Madera ena ankafikika ndi helikopita yokha.