Mmene Madokotala Apimira Ululu wa m'Ciuno

Munthu wokalamba akagwa nalephera kuimirira, dokotala amayamba wayang'ana miyendo. Mwendo umodzi ukafupikirapo, phazi litagonera kunja, cimakhala cizindikiro cakuti fupa la nchafu lathyoka pafupi ndi ciuno. X-ray imatsimikizira, ngakhale kuti mng'alu waung'ono nthawi zina suoneka kufikira atapima ndi MRI.

Coopsa koposa ndi ngozi ya pamseu. Mafupa a ciuno akasweka, munthu angataye magazi ambiri m'kati popanda bala looneka. N'cifukwa cake acipatala amayang'anira kuthamanga kwa magazi, namanga ciuno molimba ndi nsalu, osamgwedeza wovulalayo.

Kwa ana ululu umanyenga. Mwana wotsimphina amene adandaula bondo angakhale ndi nthenda m'ciuno, monga TB ya m'mafupa, motero dokotala amapimanso ciuno, napinda ndi kuzungulitsa mwendo wonse.