Mfutso wa ku Rufunsa: Mbiri ya Ndiwo Zosungidwa ndi Dzuwa

Boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku boma la Chongwe pa nthawi ya ulamuliro wa Pulezidenti Michael Sata, lili m'mapiri a kum'mawa kwa Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Great East Road umene umatsetsereka kukafika pa mlatho wa Luangwa, ndipo ndi dera la mafumu Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta, kumene Asoli ndiwo eni nthaka akale. Mvula kumeneko imagwa kuyambira mu Novembala mpaka cha mu Epulo, ndipo ikangokata masamba a m'munda amafota, pamene nsima imafunabe ndiwo chaka chonse. Njira imene amayi a m'derali, mofanana ndi Ansenga ndi Achewa a kutsidya kwa Luangwa, anathetsera vuto limeneli kuyambira kale ndi kufutsa, ndiko kuwiritsa masamba pang'ono ndi kuwaumitsa kuti adzadyedwe m'chilimwe, ndipo ndiwo zake zimatchedwa mfutso.

Ntchitoyi imagwiridwa chakumapeto kwa dzinja, masamba akadali anthete koma dzuwa litayamba kuwala masiku otsatizana. Mayi amathyola nkhwani, umene ku Zambia ambiri amautcha chibwabwa, kapena khwanya ndi chitambe, omwe ndi masamba a nyemba ndi a khobwe, nasadzula mitsitsi ya nkhwaniwo, kenaka amaponya masambawo m'madzi owira kwa kanthawi kochepa asanawayanike pamphasa kapena pathandala, kutali ndi mbuzi ndi nkhuku. Kuwiritsako kumaletsa zinthu za m'tsamba zimene zikanapitiriza kuliwononga, n'chifukwa chake mfutso wofutsidwa bwino suyera mbuu ndipo suvuta kufewa mumphika. Masamba akauma mpaka kufumbutuka m'manja, mwambo wakale unali wowakulunga m'masamba aakulu a mtengo wa msuku ndi kuwamanga ndi luzi, kupanga mpukutu wotchedwa chikwatu, umene unkapachikidwa kudenga la khitchini kumene utsi unkathamangitsa tizilombo ndi chinyezi.

Zomera zofutsidwazo sizinafike nthawi imodzi. Khobwe ndi luni ndi za mu Africa momwemuno, pamene maungu, nyemba, mtedza ndi chimanga zinachokera ku America ndipo zinalowa mkati mwa dziko kudzera m'njira za malonda, zina mwa izo za Apwitikizi amene m'zaka za m'ma 1700 anali ndi misika ku Zumbo ndi ku Feira, pamathiriro a Luangwa mu Zambezi. Motero mfutso wa nkhwani wotendera nsinjiro, umene ambiri amauyesa chakudya cha makolo a makedzana, ndi wa mbewu ziwiri zakudza zimene zinalowa m'luso limene linalipo kale.

Anthu a ku Korea anakumana ndi vuto lomweli la kusowa kwa masamba m'nyengo ina ya chaka koma analithetsa mwa njira ina. Iwo amasunga masamba a chomera chonunkhira chotchedwa perilla powasanjikiza limodzilimodzi, nkupaka pakati pake msuzi wa soya, msuzi wa nsomba, adyo ndi tsabola wopera, kenaka nkuwasiya kuti awawase ndi tizilombo tosasitsa, ndipo uwu ndi umodzi mwa mitundu yambiri ya kimchi. Mwambo wokonza kimchi pamodzi nyengo yozizira isanafike, wotchedwa kimjang, unalembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2013 pa mndandanda wa miyambo ya anthu onse. Kusiyanaku sikunabwere chifukwa chakuti anthu a kuno sankadziwa kusasitsa, pakuti munkoyo, thobwa ndi mowa wa masese zonse ndi zosasa. Korea ndi dziko lozingidwa ndi nyanja mbali zitatu, la mchere wochuluka ndi chisanu choopsa chimene chimachedwetsa kuwola kwa zamumtsuko, pamene kumtunda kwa Zambezi mchere unali wosowa, wochita kucheza kuchokera ku phulusa kapena ku dothi la chikungu, ndipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala kukanawononga msanga masamba onyowa. Chimene chinalipo chochuluka ndi chaulere chinali dzuwa la miyezi isanu ndi umodzi.

M'nthawi ya atsamunda akatswiri ena analemba za ndiwo zoterezi, monga Audrey Richards m'buku lake la 1939 lonena za zakudya za Abemba, ndi Jessie Williamson amene mu 1955 anasindikiza buku la zomera zothandiza za ku Nyasaland, komabe ulemu wa mfutso unayamba kutsika pamene repu, kabichi ndi tomato za m'madimba zinayamba kupezeka chaka chonse m'misika ya Lusaka ndi m'mbali mwa msewu. Ambiri a m'tauni anayamba kuuona ngati ndiwo za osauka, maganizo amene analibe maziko, poti masamba ouma amasunga mapuloteni, ayironi ndi kashiamu, ngakhale kuti kuwiritsa ndi dzuwa lachindunji zimachotsa vitamini C wambiri ndi gawo la zopangira vitamini A. Pa chifukwa chimenechi alangizi a zakudya amalimbikitsa kuyanika pamthunzi kapena m'zoumitsira zophimbidwa ndi pulasitiki, njira imene Sylvia Banda wa ku Lusaka anaphunzitsa alimi ambiri pogula ndi kugulitsa ndiwo zouma m'mapaketi. Chikwatu chalowedwa m'malo ndi thumba la saka ndi ndowa yapulasitiki, zimene zimasunga bwino pokhapokha masamba atauma kwenikweni, apo ayi amachita nkhungu. Pa chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi ngozi ya dziko lonse, malire a mwambowu anaonekera poyera, chifukwa mfutso umatchinjiriza banja ku chilimwe chodziwika, koma m'chaka chimene maungu ndi khobwe zapserera m'munda mu Febuluwale sipakhala chofutsa.