Nyumba Zokoka Zochititsa Lendi ku America

Nyumba zokoka ndi nyumba zomangidwira ku fakitale, zimene amazikoka pa matayala n'kukaziika pamalo okhalapo. Ku United States, zomangidwa kuyambira pa 15 June 1976 zimatsatira malamulo a HUD, nthambi ya boma yoona za nyumba, ndipo mabanki ambiri safuna kukongoza ndalama pa nyumba zomangidwa tsikuli lisanafike.

Phindu lenileni la bizinesi ya nyumbazi lili pa nthaka. M'midzi yambiri ya nyumbazi, wokhalamo ndiye mwini nyumba, koma amalipira lendi ya malo mwezi uliwonse. Mwini malo amangosamalira misewu, madzi ndi mapaipi a zimbudzi. Kusamutsa nyumba n'kodula kwambiri, choncho alendi sachoka msanga ngakhale lendi ikwere, ndipo apa m'pomwe eni malo ena amadyera anthu masuku pamutu.

Kwa mwini nyumba, povuta m'potenga ngongole yatsopano yobwezera yakale. M'zigawo zambiri nyumbayi imalembetsedwa ngati galimoto, motero ngongole yake imakhala ya chiwongoladzanja chokwera komanso zaka zobwezera zochepa. Mwini akaichotsa matayala, n'kuimangirira pa maziko a simenti pamalo akeake ndi kusintha mapepala, banki imaiona ngati nyumba wamba. Makampani a Fannie Mae ndi Freddie Mac, omwe amagula ngongole za nyumba ku mabanki, amagulanso ngongole za midzi ya nyumba zokoka.