Zithunzi za matchona: mbiri ya kamera ku Bulawayo

Mumsewu wa Joshua Mqabuko Nkomo ku Bulawayo, umene kale unkatchedwa Main Street, muli mtengo umene boma la Zimbabwe limauteteza ngati chikumbutso cha dziko. Pamtengowu ndi pamene atsamunda ankapachikapo anthu m'chaka cha 1896, Andebele ataukira ulamuliro wa kampani ya Cecil Rhodes. Tsiku lina panafika munthu wa kamera. Chithunzi chimene anatola chikuonetsa amuna atatu akulendewera pazingwe, azungu ataima chapafupi mosatekeseka konse, ngati alenje pambali pa nyama yawo.

Chaka chotsatira, mlembi wa ku South Africa, Olive Schreiner, anaika chithunzicho patsamba loyamba la buku lake lotchedwa Trooper Peter Halket of Mashonaland, limene linkadzudzula Rhodes. Chinadzidzimutsa anthu ambiri, ndipo posindikizanso bukulo m'zaka zotsatira, tsambalo linachotsedwamo. Ndi mmene kamera inayambira ntchito mumzindawu: ili m'manja mwa mwini mfuti, munthu wakuda ali kutsogolo kwake wosafunsidwa.

Mfumu ya Andebele, Lobengula, imene mudzi wake unatenthedwa mu Novembala 1893 asilikali a kampani akuyandikira, timaidziwa nkhope kudzera m'zojambula pamanja. Amene analanda dziko lake anayenda ndi wotola zithunzi wawowawo. Gulu la atsamunda lolowera ku Mashonaland mu 1890 linali ndi William Ellerton Fry, ndipo zithunzi zake za ngolo, misasa ndi mbendera zinasonkhanitsidwa m'buku. Kwathu kuno kamera inali itafika kale: John Kirk, dokotala wa paulendo wa David Livingstone umene unayamba mu 1858, anatola zithunzi m'mbali mwa Zambezi ndi Shire. Masiku amenewo kujambula kunali katundu wolemera. Negetivu inkakhala ya pepala kapena ya galasi, kamera inali bokosi la matabwa la miyendo itatu, ndipo onyamula zonsezi pamutu anali makolo athu.

Zinthu zinapepuka George Eastman wa ku America atatulutsa kamera ya Kodak mu 1888, yogwiritsa ntchito filimu yokulunga, kenaka Brownie mu 1900, imene inkagulidwa ndi dola imodzi. Koma chida chikatsika mtengo ku America sindiye kuti chafika ku Makokoba, komboni ya ku Bulawayo. Panapita zaka.

Ife Amalawi tili ndi chonyadira pano. Ku Blantyre Mission kunali Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku amene anaphunzirako ntchito ku Scotland, ndipo anali atayamba kale kutola zithunzi nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke. Zina mwa zithunzi za John Chilembwe zimene timazidziwa zinatuluka m'kamera yake. Taonani mmene Chilembwe amaonekera pazithunzi zake: suti, kolala yoyera, maso molunjika. Sanagwidwe mwadzidzidzi. Anasankha yekha mmene afunira kuonedwa, ndipo nzeru imeneyi ndi imene anyamata opita ku Halale anadzaigwiritsa ntchito pambuyo pake.

Njanji inafika ku Bulawayo mu 1897, ndipo mzindawo unasanduka likulu la sitima za pamtunda ndi mafakitale. Unkameza anthu ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Ena ankayenda pansi kudutsa ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Ankagwira ntchito kunjanji, m'migodi, m'makhitchini a azungu ndi pamakina osokera. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anadutsa ku Halale asanakafike ku Cape Town, kumene anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU mu 1919. Mnyasa mnzake, Robert Sambo, anadzala nthambi ya bungwelo ku Bulawayo mu 1927, boma n'kumuthamangitsa m'dzikomo. Mpaka lero ku Sizinda, komboni ya ogwira ntchito kunjanji, kuli mabanja ambiri amene kwawo kwenikweni ndi kuno.

Tsono taganizirani mmodzi wa anthu opita kukagwira ntchito aja. Boma limamudziwa ndi chitupa. Bwana amamuitana dzina lililonse limene lamubwerera mkamwa. Kwa zaka zambiri malamulo a mzindawo sankalola munthu wakuda kuyenda pakhonde la masitolo. Malo ake anali mumsewu, pamodzi ndi ngolo ndi njinga. Kumudzi nako akuyamba kumuwerengera m'gulu la matchona, anthu amene anapita osabwerako. Mkazi akufunsidwa mafunso ndi akuchimuna, ndipo mwana amene anamusiya ali m'mimba sakudziwa nkhope ya bambo ake.

Munthu ameneyu akalandira malipiro pakutha pa mwezi, ankalowa mu situdiyo. Mmenemo munkakhala nsalu yojambulidwa maluwa kapena nyumba yosanja, kampando, kathebulo, mwina wailesi kapena telefoni yopanda waya uliwonse. Amene analibe jekete ankabwereka. Wotchi inkayenera kuoneka, choncho dzanja linkaikidwa pachibwano kapena pabondo. Chithunzicho chinkalowa mu envulopu limodzi ndi kalata, nthawi zambiri yolembedwa ndi mnzake wodziwa kulemba, n'kuyamba ulendo wa ku Ntcheu, Dedza, Mzimba kapena Nkhata Bay. Kumeneko chinkayenda m'manja mwa mudzi wonse chisanapachikidwe pakhoma.

Ena amati zithunzi zimenezi zinali zabodza, poti jekete linali la eni. Ine sindikuvomereza. Wonama anali malamulo amene ankati bambo wa ana anayi ndi mnyamata wa bwana basi. Chithunzicho chinkanena zoona zimene zinalibe pena ponenera: ndili moyo, ndili bwino, sindinakuiwaleni. Kuti ndalama sizinkabwera mokwanira ndi nkhani ina, ndipo amayi athu ankaidziwa popanda chithunzi.

Koma luso lenileni silinali pamene kasitomala ankaliona. Linali kuseri, m'kachipinda kamdima. Filimu ndi kansalu kapulasitiki kopakidwa mankhwala a siliva amene amasintha akakhudzidwa ndi kuwala. Wojambula akatsegula diso la kamera kwa kamphindi, chithunzi chimakhala chalowa, koma sichioneka. Kuti chioneke, filimu imatulutsidwa mumdima wa ndiweyani, wopanda ngakhale kanyali, n'kukulungidwa pa kagudumu mongopapasa ndi zala, kenaka n'kutsekeredwa m'kachitini kosalowa kuwala. Mankhwala oyamba amadetsa siliva amene anaona kuwala. Achiwiri amaimitsa ntchito ya oyambawo. Achitatu amasungunula siliva wotsala kuti filimu isadzasinthenso ikatuluka poyera. Pomaliza ndi madzi, ambiri ndithu. Mankhwala amayenera kukhala pa madigiri 20, zimene si zapafupi m'kachipinda ka malata mwezi wa Okutobala, ndipo kuchedwa pang'ono kapena kufulumira kumaononga zonse. Chitseko chikatseguka pa nthawi yolakwika, ukwati wonse wapita. Apa ndi pamene pankachokera yankho limene aliyense wa zaka zopitirira makumi anayi analimvapo: pepani, zithunzi zija zinapsa.

Chotuluka m'chitinimo ndi negetivu, pamene choyera chimaoneka chakuda, chakuda choyera. Ikauma imaikidwa m'makina okhala ndi nyali ndi galasi lokulitsa, amene amaponya chithunzi papepala. Apa nyali yofiira imaloledwa, chifukwa pepala la zithunzi zakuda ndi zoyera silimva kuwala kofiira. Pepalalo limamizidwa m'mbale ya mankhwala, ndipo nkhope imayamba kutuluka pang'onopang'ono wojambula akuona. Waluso ankatchinga kuwala ndi chikhatho pamalo ena, kuwonjezera pena, kuti nkhope yakuda ya mkwati ndi diresi loyera la mkwatibwi zioneke bwino pachithunzi chimodzi. Imeneyi inali ntchito yovuta, ndipo ojambula a m'makomboni anaiphunzira ndi manja awo. Ena ankapaka utoto pang'ono pa tayi kapena pamaluwa kuti chithunzi chikongole.

Madzi omalizawo ndi amene amaweruza moyo wa chithunzi. Mankhwala akatsalira m'pepala, pakapita zaka chimachita chikasu n'kuyamba kufufutika. Bulawayo ndi mzinda wodziwika ndi kusowa kwa madzi, choncho mukaona chithunzi cha m'ma 1950 chikadali chowala bwino, dziwani kuti wotsukayo sanaumire madzi.

Zaka zimenezi ndale zinali zitatentha. Ogwira ntchito kunjanji ananyanyala mu 1945, sitalaka yaikulu inatsatira mu 1948, ndipo chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinabwera mu 1953. Nyuzipepala ngati Bantu Mirror ndi magazini ya African Parade zinkasindikiza nkhope za anthu akuda: oimba, osewera mpira, ankhonya, akwati, atsogoleri a mabungwe. Mu Marichi 1959 boma la Nyasaland litagwira atsogoleri a Congress, Dr Kamuzu Banda anakatsekeredwa ku Gwelo, ndipo ena ambiri anatumizidwa kundende ya Khami, kufupi ndi Bulawayo. Mzindawu uli m'mbiri yathu kuposa mmene timaphunzitsira ana kusukulu.

Pa nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe, dzina loyenera kulikumbukira ndi la Zenzo Nkobi. Anaphunzira kujambula ku East Germany, ndipo m'ma 1970 anayenda ndi Joshua Nkomo ndi chipani cha ZAPU, kutola zithunzi m'misasa ya asilikali ndi ya othawa kwawo ku Zambia. Ufulu utabwera anakhazikika ku Bulawayo, kumene anali ndi situdiyo, ndipo anamwalira mu 1993. Anasiya manegetivu zikwizikwi. Bungwe la Mafela Trust, la asilikali akale a ZIPRA, gulu lankhondo la ZAPU, mogwirizana ndi South African History Archive, linawasamala n'kuwalowetsa mu kompyuta. Mbiri yovomerezeka ndi boma la Harare sinkapereka malo okwanira kwa ZAPU, koma negetivu siidziwa chipani cholamula. Amene anaima kutsogolo kwa kamera tsiku limenelo alipobe.

Zithunzi zamitundu zinasintha ntchitoyi kuposa mmene anthu amaganizira. Njira yotsukira imene Kodak inabweretsa mu 1972 imafuna kutentha kwa pafupifupi madigiri 38 kosasinthasintha, zimene kachipinda ka kuseri kwa nyumba sikakanakwanitsa. Kutsuka kunasamukira kumakina a m'masitolo a m'tauni, ndipo wojambula anatsala ndi kamera yokha. M'malo mwake anatuluka panja. Anakwera njinga, kamera pakhosi, kuzungulira m'makomboni a Mzilikazi, Njube, Mpopoma ndi Luveve, kusukulu, kutchalitchi, kumpira ku Barbourfields, ndiponso pakasupe wa ku Centenary Park pamene akwati ankakonda kujambulitsa. Kasitomala ankalipira theka, n'kudikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzaze kaye. Nthawi zina sabata, nthawi zina mwezi. Ife a kuno sitikusowa kufotokozeredwa, poti wa njinga yemweyo ankafikanso ku Ndirande ndi ku Kawale. Chodabwitsa n'chakuti zithunzi zamitunduzi, zimene tinkaziona ngati chitukuko, ndi zimene zikufufutika msanga. Utoto wake umatha, pamene siliva wa zithunzi za agogo akadali nji.

Munthu amene anaona msanga kuti m'masutikesi a m'makomboni muli chuma anali Yvonne Vera, mlembi wobadwira ku Bulawayo mu 1964, amene buku lake la Butterfly Burning limakamba za Makokoba wa m'ma 1940. Ali mkulu wa National Gallery ya mumzindawo, mu 1999 anakonza chionetsero chotchedwa Thatha Camera, cha zithunzi za m'makomboni zotoledwa chisanafike chaka cha 1980. Zithunzi zimene zinkangokhala pakhoma la pabalaza zinalowa m'nyumba ya zaluso pakati pa tauni, mumsewu womwe uja wa mtengo wopachikirapo anthu. Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger analembanso za ojambula akuda a mumzindawu a pakati pa 1930 ndi 1960. Vera anamwalira ku Toronto mu 2005, ali ndi zaka 40 zokha.

Mapeto a filimu anabwera mothamanga. Kamera yoyamba ya digito inapangidwa ndi injiniya wa Kodak yemweyo, Steven Sasson, mu 1975, koma kampaniyo inakakamira filimu mpaka inakapempha chitetezo kukhoti chifukwa cha ngongole mu Januwale 2012. Ku Zimbabwe kugwa kwa ndalama kwa mu 2008 kunapha malonda ambiri odalira katundu wakunja, ndipo filimu, mapepala ndi mankhwala zonse zinali zakunja. Foni inadzamaliza zotsala. Lero mtchona wa ku Johannesburg amatumiza zithunzi khumi pa WhatsApp tsiku limodzi, ndipo foniyo ikabedwa zonse zapita. Kumaiko olemera achinyamata ayambanso kukonda filimu, koma kumeneko ndi zosangalatsa chabe za amene ali nazo.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dzikomo, umboni wakuti zidzukulu za anthu a pazithunzi zija zilipo. Chimene chikutha ndi anthu odziwa kutchula mayina. Ngati kwanu kuli chithunzi cha ku Halale, chichotseni padzuwa ndi pachinyontho, ndipo musachimate ndi selotepi. Manegetivu musataye, poti akhoza kutsukitsanso zithunzi zina. Pitani nacho kwa agogo akadali ndi maso, muwafunse kuti uyu ndani, anapita liti, ankagwira kuti, ndipo mulembe mayankhowo kuseri kwake ndi pensulo.