Malipenga a ku El Recodo: bandi ya kumudzi imene inakana kufa

Pepani kuti ndakhala chete masabata angapo, kuchonga mayeso kunandipanikiza. Lero ndabwera ndi nkhani ya kutali ndithu.

Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 4 zaka zapitazo wanditumizira kavidiyo pa foni. M'kavidiyomo muli amuna oposa 15, onse atavala masuti ofanana, akuliza malipenga uku chinamtindi cha anthu chikuvina. Funso lake linali lakuti, "Aphunzitsi, kodi amenewa ndi apolisi a dziko liti?" Ndinaseka chikhakhali. Si apolisi ayi. Imeneyo ndi Banda El Recodo ya ku Mexico, bandi imene inayamba mu 1938 ndipo ikuyimbabe mpaka lero.

Komabe mnyamatayu sanaphonye kwenikweni. Mayimbidwe amenewa anachokeradi ku mabandi a asilikali. M'zaka za m'ma 1800, doko la Mazatlán, m'chigawo cha Sinaloa m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, linkalandira amalonda a ku Ulaya, ambiri mwa iwo a ku Germany. Zida zoyimbira zouzira ndi pakamwa zinayamba kupezeka, pamodzi ndi nyimbo zovinira za polka ndi waltz. Anthu a m'midzi anatenga zidazo n'kumayimbira zawozawo pa maukwati, pa maliro, pa zikondwerero za tchalitchi ndi m'malo omwera mowa. Ife zimenezi sitingadabwe nazo, poti malipenga a ku Nkhata Bay ndi beni wa ku Mangochi anabadwanso potengera perete wa asilikali.

Bandi ya mtundu umenewu imakhala ndi zitoliro zotchedwa clarinet, malipenga aang'ono ndi apakati, chilipenga chachikulu chozinga thupi chotchedwa tuba, kang'oma kakang'ono ka tarola, ndi ching'oma cha tambora chimene pamwamba pake pamakhala mbale yachitsulo. Gitala mulibe. Kalelo munalibenso woyimba ndi pakamwa, chifukwa popanda zokuzira mawu ndani akanamveka pakati pa malipenga onsewo?

Vuto linali ulemu. Anthu ophunzira ndi olemera a m'tauni ankaona mabandiwa ngati phokoso la alimi ndi zidakwa. Pamene mafilimu ndi mawailesi a m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 ankakweza nyimbo za mariachi kuti zikhale chizindikiro cha dziko lonse la Mexico, tambora inatsalira kumudzi.

Apa ndi pamene pakubwera Cruz Lizárraga. Iyeyu anabadwa mu 1918 m'mudzi wa El Recodo, kufupi ndi Mazatlán, ndipo ankaliza clarinet. Bandi imene ankatsogolera inatenga dzina la mudziwo. Ine ndikaona mbiri yake, nzeru zake zagona pa chinthu chimodzi: ankadziwa choyenera kusintha ndi choyenera kusiya momwe chilili. Anyamata ake anayamba kuvala yunifolomu. Anawonjezera nyimbo zimene anthu a m'tauni ankakonda, monga mambo, danzón ndi nyimbo za mabandi akuluakulu a ku America. Koma tambora ndi tuba sanazichotse. M'zaka za m'ma 1950 bandiyi inayamba kujambula zimbale ndi kampani ya RCA Victor, ndipo pambuyo pake inaperekeza José Alfredo Jiménez, mmodzi mwa opeka nyimbo otchuka kwambiri m'dzikolo. Munthu amene sakanapondako phazi pa dansi ya kumudzi tsopano ankamvera malipenga omwewo ali m'nyumba mwake.

Mayeso aakulu anadza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anachokera kunja kwa dziko. Ku Los Angeles kunali anthu ochuluka ochokera ku Mexico, ndipo achinyamata awo anatengeka ndi kavinidwe katsopano ka quebradita. Magulu ngati Banda Machos anachepetsa malipenga, m'malo mwa tuba n'kuikamo gitala ya besi yamagetsi ndi kiyibodi, kutsogolo n'kuimikapo woyimba. Pofika mu 1993, wailesi ya KLAX, imene inkaulutsa nyimbo zoterezi m'Chisipanishi, inali itaposa mawailesi onse a mumzindawo, ngakhale a Chingerezi omwe. Taganizani: ana a anthu otchetcha kapinga ndi otsuka mbale akuvala zipewa za kumudzi kwa makolo awo mopanda manyazi.

El Recodo ikanatha kutaya zida zake n'kuthamangira magetsi. Sinatero. Inangotengako chimodzi, woyimba wokhazikika, chinthu chimene inali itayamba kale kuyesa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mawu a Julio Preciado, amene anakhala m'bandiyi mpaka 1998, anaikokera anthu atsopano. Fashoni ya magetsi ija itazilala, anthu anabwerera ku malipenga enieni, ndipo anapeza El Recodo ili pomwepo.

Cruz Lizárraga anamwalira mu June 1995, bandi yake ili pa ulendo wokayimba ku Ulaya. Apa ndi pamene ndimafuna kuti tiimepo pang'ono. Tonse tikudziwa magulu, masitolo ngakhale makwaya amene analowa m'manda limodzi ndi mwini wake. El Recodo sinatero, chifukwa mkuluyu anali atakonzeratu. Ana ake anakulira m'bandimo akuliza clarinet, ndipo mu 1989 anayambitsa gulu la achinyamata lotchedwa Los Recoditos. Paja amati m'mera m'poyamba. Sikuti zonse zinayenda myaa. Mwana wake wamkulu, Germán, anachoka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 n'kukayambitsa gulu lake, Estrellas de Sinaloa, ndipo utsogoleri unatsala m'manja mwa ang'ono ake, Alfonso ndi Joel, pamodzi ndi mayi awo. Oyimba akhala akubwera ndi kupita. Koma dzina la mudzi lija silinagwe. Mu 1998 anajambula chimbale ndi Juan Gabriel, mu 2000 analandira mphoto ya Latin Grammy chaka choyamba chimene mphotozi zinaperekedwa, ndipo anthu amaitcha mayi wa mabandi onse.

Mwina mukuganiza kuti nkhondo ya ulemu ija inathera pamenepo. Ayi ndithu. Mu March 2024, eni mahotela ena ku Mazatlán komweko anadandaula kuti mabandi oyimba pa gombe akusokoneza alendo, ndipo anafuna kuti aletsedwe kapena achepetsedwe. Oyimba a mumzindawo anatuluka m'misewu, osati ndi miyala koma ndi malipenga ndi matambora, akuliza mpaka usiku. Mapeto ake mabandi anapitiriza kuyimba pa gombe, potsata zilolezo ndi maola oikika. Patatha zaka 86 chiyambire El Recodo, anthu ena ankaitchabe nyimbo imeneyi phokoso, mumzinda umene unatchuka nayo.

Kwa inu aphunzitsi anzanga a History, nkhaniyi ndaiona kuti ingathandize pophunzitsa za kusamuka kwa anthu ndi za chikhalidwe. Muli malonda a pa doko, muli kusiyana kwa olemera ndi osauka, muli anthu okhala kunja amene akusintha zinthu kwawo. Ndikufuna kuiyesa ndi Fomu 3 teremu ikubwerayi, ndidzakuuzani mmene zidzayendere.

Ndipo iwe mnyamata wanga amene unatumiza kavidiyo, yankho lako ndi limeneli. Ukaonerenso, usayang'ane woyimba ali kutsogoloyo. Uyang'ane kumbuyo, kwa mkulu wanyamula tuba ndi mnzake wa tambora. Woyimbayo mawa akhoza kuchoka, koma zida ziwirizo ndi zimene Cruz Lizárraga anakana kuzisiya.