Kodi luso lopana boti ndi mpweya linachokera kuti?

FUNSO: Akuti anthu ena okhoma maboti ang'onoang'ono pakhomo amaika matabwa opakidwa guluu m'thumba lapulasitiki n'kupopamo mpweya wonse. Kodi njira imeneyi inayamba bwanji, nanga pulasitiki ingapane bwanji matabwa?

YANKHO: Chimene chimapana matabwawo si pulasitiki kapena pampu ayi, koma mpweya umene watizungulirawu. Mpweya umalemera, ndipo m'madera otsika umakanikiza sikweya mita iliyonse ndi mphamvu yofika pafupifupi matani 10. Ife sitimva kulemerako chifukwa umakankha mbali zonse mofanana. Tsono mukachotsa mpweya wa m'thumba, wakunja umatsala wopanda wolimbana nawo, ndipo umatsamira pa matabwa paliponse, ngakhale pamene pakhota. Evangelista Torricelli wa ku Italy ndiye anayeza mphamvu imeneyi mu 1643. Patangopita zaka zochepa, Otto von Guericke wa ku Magdeburg anaphatikiza mbale ziwiri zamkuwa n'kupopamo mpweya, ndipo akavalo anakoka mbali zonse ziwiri koma mbalezo sizinalekane.

Ena mwa amene anayamba kupana matabwa ndi thumba anali opanga ndege. Ndege ya Lockheed Vega ya mu 1927 inkaumbidwa ndi timatabwa topyapyala m'chikombole chasimenti, ndipo thumba lamphira lodzazidwa mpweya ndilo linkatikanikiza. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kampani ya Fairey Marine ku Hamble m'dziko la England inatengera luso la ndege ku maboti. Amisiri ankayala timatabwato pachikombole, n'kuvundikira ndi mphira, n'kupopamo mpweya, kenaka n'kulowetsa zonse m'ng'anjo yanthunzi. Umu ndi mmene ankapangira boti la Firefly, lomwe linapikisana pa masewera a Olympics a mu 1948. Koma ng'anjo yotereyi mmisiri wapakhomo akanaipeza kuti? Guluu amene ankagwiritsa ntchito pa njirayi ankafuna kutentha ndi kupanidwa kwambiri. Chimene chinatsegulira anthu wamba khomo ndi guluu wa epoxy, amene amauma popanda moto. Abale a banja la Gougeon, omwe anayamba kampani yawo ku Bay City m'dera la Michigan mu 1969, anathandiza kwambiri kumufalitsa pakati pa okhoma maboti. Kuyambira pamenepo, pepala lapulasitiki, phula lotsekera m'mphepete, nsalu yoti mpweya uzidutsamo ndi pampu zinakwanira, moti ena amagwiritsa ntchito kompresa ya furiji yakale.

Wina anganene kuti misomali ndi zopanira zakhala zikugwira ntchito kuyambira kale, ndiye kuvutikiranji? Pa matabwa ochindikala, wonenayo salakwa. Koma chopanira chimagwira pamalo amodzi, ndipo pakati pa zopanira ziwiri pamatsala mpata umene madzi amadzalowamo n'kuwoletsa thabwa. Mpweya susiya mpata, komanso umafinya guluu wotsalira, choncho boti limatuluka lopepuka ndi lolimba. Chodandaulitsa chenicheni chili pena: kaboowo kakang'ono m'thumba kamawononga ntchito yonse, pampu iyenera kugwira mpaka guluu ataumiratu, ndipo kupopa mopitirira muyeso kumachotsa guluu wambiri n'kusiya malo osagwirana. N'chifukwa chake mmisiri wosamala amayamba wayesa thumba lake asanasakanize guluu, ndipo kumene magetsi amathimathima ayenera kukonzeratu batire kapena jenereta.

Njirayi siyoyenera boti lililonse, ndipo epoxy ndi wodula. Komabe phindu lake ndi loonekeratu kwa ife amene tikudziwa kuti bwato limodzi logoba limadya mtengo waukulu wathunthu, pamene mitengo yotereyi ikusowa m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Luso lomanga chombo cholimba ndi timatabwa topyapyala n'loyenera kuti amisiri athu ndi sukulu zophunzitsa ntchito zamanja aliyese.