Kusintha kwa Kayendetsedwe ka Ntchito Zaumoyo: Zoyenera Kudziwa Anthu a m'Boma la Chitipa

Unduna wa Zaumoyo ukudziwitsa alimi, ochita malonda ndi anthu onse a m'boma la Chitipa kuti ntchito zaumoyo m'dziko muno zikutsata ndondomeko yachitatu ya HSSP III, ya zaka za 2023 mpaka 2030. Cholinga chake ndi chakuti munthu aliyense alandire thandizo loyenera popanda kugulitsa mbuzi, chimanga kapena khofi wake kuti alipire kuchipatala.

Thandizo m'zipatala za boma likadali laulere. Pa chipatala chachikulu cha Chitipa ndi zipatala zing'onozing'ono monga Nthalire, Wenya, Misuku ndi Kameme, wodwala salipira kuti aonane ndi dokotala, ayezedwe kapena alandire mankhwala. Mayi wobwera kudzachira salipiranso. Mawodi olipira amene ali m'zipatala zikuluzikulu, monga Mzuzu Central, munthu amalowamo mwa kufuna kwake.

Zipatala za mishoni zili ndi dongosolo lina. Zipatala za bungwe la CHAM, monga Kaseye, zimalipiritsa, ngakhale malipiro a antchito ake amachokera ku boma. Kuyambira 2006, boma limapangana ndi zina mwa zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene azithandizidwa kwaulere, boma n'kumabweza ndalamazo. Mgwirizano wotere sukhudza matenda onse, choncho ndi bwino kufunsiratu ku komiti ya chipatala kapena ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo.

Komabe mawu akuti "ulere" sathetsa nkhani yonse, makamaka ku Chitipa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 234,927 m'bomali, ndipo ambiri amakhala m'midzi yotalikirana, ina ya m'mapiri kumene misewu imavuta nthawi ya dzinja. Wodwala wotumizidwa ku Mzuzu amayenda makilomita oposa 300 kudzera ku Karonga. Thiransipoti ya womudikirira, chakudya, ndi mankhwala ogula pamene kuchipatala atha, zonsezi zimatuluka m'thumba la banja. Apa ndi pamene kusinthaku kuyenera kuonekera, apo ayi mlimi sadzaona phindu lake.

N'chifukwa chake ndondomekoyi ikutsindika thandizo lapafupi: alangizi a zaumoyo amene amapereka katemera ndi kuthandiza ana osapitirira zaka zisanu m'midzi, komanso kupereka ndalama mwachindunji ku zipatala zing'onozing'ono kuti zizikonza zofunika msanga mmalo modikira ku boma.

Palinso za komwe ndalama zimachokera. Kwa zaka zambiri, ndalama zoposa theka za ntchito zaumoyo zakhala zikuchokera ku maiko ndi mabungwe akunja, aliyense ndi pulogalamu yake. HSSP III ikufuna dongosolo limodzi, bajeti imodzi ndi lipoti limodzi. Kuchepa kwa thandizo la dziko la America mu 2025 kudaonetsa kuopsa kodalira ena, ndipo mlingo umene maiko a mu Africa adagwirizana ku Abuja mu 2001, wopereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, Malawi akuulondolabe.

Aliyense amene wauzidwa kuti alipire thandizo laulere, kapena waona mankhwala a boma akugulitsidwa pamsika, akanene kwa wolandira madandaulo pachipatalapo, kwa mkulu wa zaumoyo m'bomali, kapena kupolisi.